Sefa ya Nambala 41

Dale Pokorny anali munthu wosapirira kuona cholakwika pa kasitima. Kukalabu yawo ya tisitima toseweretsa, m'chipinda chapansi pa tchalitchi, ankamutcha Woweruza. Mnzake akabwera monyadira ndi kamutu ka sitima, iye ankangotsinzinira diso limodzi n'kuyamba kuwerenga tizitseko.

Koma pa penti anali katswiri. N'chifukwa chake Merle Haugen, mkulu amene maso anali atamuthera, anamupatsa chuma chake: kamutu kamkuwa kokankha mabogi payadi ya sitima, nambala 41, kamene anakasula yekha ndi manja maso akadali akuthwa. Nambala 41 yeniyeniyo ankayendetsa ndi malemu bambo ake pafakitale ya mapepala.

"Mungokapaka penti basi, achimwene," anatero Merle. "Ndikufuna ndikasiyire mdzukulu wanga."

Kunyumba Dale anayang'ana kutsogolo kwa kamutuko, mtima n'kumuyabwa. Sefa yopumira injini inkalekezera pakati, pansi pake pali chitsulo chosalala. Imeneyo ndi nkhope ya mitu ya mtundu wa NW2. Koma iye ankadziwa bwino kuti mitu ya pafakitale ija, 42 ndi 43, inali SW7, ya sefa yotsika mpaka pansi. Mitundu iwiriyi imafanana ngati mapasa, machumuni awiriawiri, ndipo ambiri amasokoneza.

"Mkuluyu maso anayamba kumunamiza kalekale," anadziuza motero. Anatenga kasowo ndi tupa, nadula chosalala chija, n'kuwotchererapo sefa yaitali. Anapaka penti yokongola, akudziyamikira yekha kuti wachita zachifundo.

Loweruka anzawo anasonkhana, khofi ali m'manja, kunja chipale chofewa chili mbuu. Dale anaika kamutuko m'manja mwa Merle.

"Gwirani, mumve mmene kasalalira."

Merle anamwetulira, zala zikuyenda padenga, pamachumuni, mpaka kutsogolo. Chala chachikulu chinaima. Chinabwerera, chinatsikanso. Kumwetulira kuja kunazima.

"Mwandipatsa ka wina."

"Ayi, n'kanu komwe. Ndangokukonzerani sefa. Munalakwitsa pang'ono, ya SW7 imafika pansi."

"Mwatani?"

Amene ankayendetsa tisitima pathebulo anatiimitsa.

"Dale, 41 sinali SW7," anatero Merle. "Inali NW2 yakale, eni fakitale anaigula yogwira kale ntchito kwina. Anzake aja anabwera pambuyo."

Dale anayang'ananso kutsogolo kwa kamutuko.

"Pamene mwadulapo," anapitiriza Merle, "panali kadzenje kumanzere. Munakaona?"

Dale anakaonadi. Ankayesa kuti kamutuko kanagwapo pansi.

"Ndinakagoba dala. Pa 41 yeniyeniyo, bambo anagundapo bogi tsiku limene anamva kuti ndabadwa, akuthamangira kuweruka. Moyo wawo wonse ankandilozera pamenepo. Ndimafuna mwanayo azikagwira."

"Ndibwezeretsa, achimwene, ndikulumbira. Chidutswacho..." Anaima. Chidutswacho anachisesera m'zinyalala, ndipo galimoto ya zinyalala inadutsa kale. "Ndisula china. Kadzenjeko ndigobanso, mudzingondiuza."

"Ndikuuzani bwanji? Ine ndinkakadziwa ndi chala."

Merle anayendetsanso chala chija pa sefa yatsopano, yowongoka bwino, yopanda chilema ngakhale chimodzi. Kenako anatambasula dzanja, kufunafuna pamene Dale anaima.

"Tengani. Mwapanga kasitima kabwino. Koma si ka bambo anga."