A Miti Atula Pansi Udindo Kumanda

Mgodi utayamba kugulitsidwa, anthu a ku Wusakile, komboni ya ogwira ntchito mumgodimo, anabalalika ngati nyerere zothiridwa madzi otentha. Wina ku Chipata, wina ku Ndola kukagulitsa makala, wina kumanda. A Reginald Miti nawonso ntchito inawathera, ndipo akazi awo a Norah sanachedwe. Anakweza bedi, mipando ndi makina osokera pa lole, ulendo wa kwawo ku Katete. A Miti anatsala m'nyumba yopanda kanthu, akugona pa mphasa, ati abwera m'mbuyo posachedwa.

Chinawamanga miyendo sichinali china koma udindo. Iwo anali wapampando wa bungwe la maliro la anthu akum'mawa, ochokera mbali za Katete ndi Chipata, limene linkapeza bokosi ndi galimoto, komanso kulankhula pamanda kufotokoza kwawo kwa malemu, kuti munthu asaikidwe ngati wopanda mtundu m'dziko la eni. Malamulo a bungwelo analemba ndi a Miti omwewo, kalekale mgodi ukadali mgodi, ndipo anawakhwimitsa dala poopa atsogoleri ongosowa osatsanzika. Wapampando amachoka m'njira zitatu basi: kumwalira, kuchotsedwa ndi mamembala, kapena kutula pansi udindo pamaso pa msonkhano wa anthu osachepera makumi awiri. Msampha anatchera okha, ndipo unakola mwini wake.

Lamlungu lililonse misa ikatha ankapita kuholo ya tchalitchi, kusesa, kuyala mabenchi, n'kukhala kutsogolo atavala jekete. Ankabwera anthu atatu, mwina asanu, nthawi zambiri a Stanislaus okha, wachiwiri wawo, amene chifuwa chawo chinali chitadyedwa ndi fumbi la pansi pa mgodi. Awiriwo ankadikira mpaka dzuwa kupendeka, kenako a Miti n'kuimirira, kulengeza kwa mabenchi kuti chiwerengero sichinakwane. A Stanislaus ankawaseka pakati pa kukhosomola, ankati angokwera basi, palibe wapolisi angawatsatire ku Katete chifukwa cha bungwe lakufa kale. Koma a Miti anali ndi makani osati masewera, munthu woti akasochera njira amayendabe mpaka akaone pomwe yathera. Ankati wolemba malamulo akawaphwanya yekha, ana adzawalemekeza bwanji?

Kunena zoona, ankasungulumwa koopsa. Ankaphika m'kapoto kamodzi n'kudyera momwemo, chiimire. A Norah anatumiza mawu kudzera mwa kondakitala wa basi, oti mvula yayandikira ndipo munda sulimidwa ndi malamulo. A Miti ankangozungulira m'chipinda akuyeserera zimene adzanene tsiku lotsanzika. Sankakayika kuti anthu adzakana, adzawachonderera kuti akhalebe, choncho anakonzeratu mayankho aulemu: kuti akula, kuti mayi akudikira kumudzi, kuti mpando si wa munthu mmodzi.

Kenako a Stanislaus anamwalira.

Kumanda kunadzaza. Anthu aja ankati alibe ya minibasi yobwerera ku msonkhano anaipeza ya maliro. Anachokera ku Chipulukusu, ku Chimwemwe, ngakhale aja zinawayendera n'kusamukira ku Nkana East. Anzawo Achibemba, pochita chimbuya, nthabwala zija za pakati pa mitundu iwiriyi, monga mwa masiku onse pa maliro a akum'mawa, anawathira anamalira paudala m'mutu, mpaka a Miti anaoneka ngati mzukwa wovala jekete. Analankhula bwino tsikulo. Anatchula mudzi wa malemu, chiwongo chawo, ndi chaka chimene anatsika sitima ali mnyamata. Koma pakamwa pakunena zimenezi, maso awo ankachita chinthu chochititsa manyazi: ankawerenga mitu. Mamembala analipo opitirira makumi awiri.

Anadziwa kuti kumanda si malo a msonkhano, ndipo mtima unawapweteka. Komanso anadziwa kuti anthu amenewa sadzakumananso mpaka wina afe. Nkhata za maluwa zitaikidwa, anapempha mamembala kuti atsale pang'ono pansi pa mtengo. Anatsala monyinyirika, maso ali ku malole amene anali atayamba kale kulira. Popeza wapampando saloledwa kutsogolera nkhani yokhudza iye mwini, ndipo wachiwiri wake anali atangokwiriridwa kumene, anapempha a Friday, mlembi wa bungwe, kuti agwirizire.

A Miti anakonza kukhosi n'kuyamba kufotokoza mbiri ya bungwe kuchokera pachiyambi. Asanafike n'komwe pa chaka chimene anasankhidwa, a Friday anawadula.

"Ba Tcheya, mwachidule chabe. Mufuna kusiya?"

"Inde, koma ndifotokoze kaye chifukwa chake."

"Ovomereza, manja m'mwamba. Nthawi yatha, motoka izatisiya."

Manja anakwera onse nthawi imodzi, ena eni ake akuyenda kale. Palibe anachonderera. Palibe ngakhale anafunsa kuti alowe m'malo ndani. Chinthu chimene chinawagoneka pa mphasa miyezi yonseyi chinatha msanga kuposa kumwa madzi, ndipo a Miti anamva manyazi osakanikirana ndi chisoni, osadziwa chachikulu n'chiti.

A Friday, pongofuna kutsiriza mwambo, anafunsa ngati pali wotsutsa. Dzanja limodzi linakwera kumbuyo, pang'onopang'ono. Anali a Jenala, akazi a malemu, amene aliyense ankayesa kuti ali kale m'galimoto. Amayi awiri anali atawagwirira mbali iyi ndi iyi, nsalu yakuda ili kumutu.

"Alamu, ine kumudzi nilibe munthu, nizafera kuno," anatero ndi mawu osasa chifukwa cha kulira. "Manje mukayenda, azakamba ndani pamanda panga kuti nine wa kuti?"

A Friday anati ambiri avomereza, msonkhano watha, n'kuthamangira lole. A Miti anayang'ana uku ndi uku kufuna woti ayankhe, pakuti funso lotere limayankhidwa ndi wapampando, ndipo bungwe tsopano linalibe wapampando. Anali mfulu, akanatha kukwera basi ya ku Katete m'mawa mwake. Anangoima pansi pa mtengowo, paudala akuyoyokera pa jekete, a Jenala akudikirabe yankho, dzanja lili m'mwamba.