Pawa Sapulayi ya Malemu Ambrose

"Iyinso ikwera," anatero a Chikondwero, akumata tepi pa katoni imene munali kompyuta.

Glory anaponda katoniyo. Panali patapita masiku anayi bambo ake, a Ambrose, atamwalira, ndipo mawa lake galimoto yokoka ngolo inkayenera kunyamuka pafupi ndi Park Station ku Joni kukatula thupi ku Dedza. A Chikondwero, mng'ono wa malemu, anali atamanga kale masuti, wailesi ndi ketulo yomwe. Akadapeza chingwe chachitali, bwenzi atamanganso fulati yonse ya ku Bertrams.

"Bambo aang'ono, iyi ndi yanga. Ababa ankapangira ine."

"Katundu wa malemu amakagawidwa kumudzi, abale ali pomwepo. Iwe wabadwira ku Joni, mwambo suudziwa."

"Alamu, mwanayu akunena zoona," anatero mayi a Glory, a Esitere, ali pa matiresi pakona.

"Inu alamu muli pa maliro, pumani. Chinthu chosayaka n'komwe, mwini wake tingamudziwe bwanji?"

"Nanga ikayaka n'kunena yokha?" anafunsa Glory.

"Iyake kaye."

A Ambrose ankaphwasula makompyuta akale pa fakitale ina ku Kya Sand. Kwa zaka ziwiri ankabwera ndi chiwalo chimodzichimodzi, Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi n'kukhala ndi Glory pa tebulo la kukhitchini, akulumikiza. Ankadandaula kuti magemu a mpikisano wa magalimoto amene mwana wawo ankakonda n'kutha magetsi chabe, koma khadi ya zithunzi ankaiuzira fumbi ngati akupoza phala la khanda. Chinatsala chimodzi chokha: pawa sapulayi, kabokosi kolandira magetsi n'kuwagawira ziwalo zonse. Glory akafunsa, ankangoti, "Dikira, sindinapeze yoyenera."

A Chikondwero anatsika kupita ku shopu ya zakale ya pamsewu, n'kubwera ndi kabokosi konyezimira.

"Mawati 700! Lumikiza tione, nthawi yatha."

Glory anakayeza m'dzanja monga ankachitira bambo ake. Kanali kopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Chingwe cha mabowo asanu ndi atatu chopita ku khadi ya zithunzi panalibe.

"Eish, iyi ndi fong kong, bambo aang'ono, yachinyengo. Nambalayi angoimata. Ababa ankati yabwino imalemera, ndipo yachinyengo ikapsa siipsa yokha, imatenga ndi zinzake zonse."

"Ndiye usankhe wekha. Ulumikiza, kapena ikwera?"

Mtima unamupweteka Glory. Akalumikiza, mwina iyaka mphindi imodzi n'kumupulumutsa, mwinanso ntchito yomaliza ya manja a bambo ake ithera mu utsi. Akakana, ikakhala mpando m'nyumba yopanda magetsi ku Dedza. Anayang'ana zingwe zimene a Ambrose anazimanga bwinobwino ndi timawaya ta pa mapepala a buledi.

"Bola ikwere yamoyo," anatero, akulira, n'kubweza kabokosiko.

A Chikondwero ali pakati pomata, wina anagogoda pachitseko. Anali a Consolata, mayi wa fulati ya pansi, amene ankataipira anthu makalata ofunsira ntchito. Ananyamula chinthu chokulunga m'chitenje.

"Pepani, ndamva kuti mukumanga katundu. Ichi n'cha malemu. Mu Juni kompyuta yanga inaphulika, anthu atandisiyira makalata mulu. A Ambrose anakwera kuno, n'kutsika ndi ichi, n'kundiikira. Anati, 'Gwiritsani kaye ntchito, mwana sakudziwa kuti yafika. Mudzabweze Okutobala, pa bethide yake.' Ndati ndisakhale ndi chinthu cha munthu wopita."

Inali pawa sapulayi yakuda, yolemera, ya mawati 550, ndi chizindikiro cha 80 Plus chotsimikiza ubwino wake pambali.

"Nambala yake yaing'ono chonchi?" anatero a Chikondwero.

"Mara ndi yoona," anatero Glory. "Khadi iyi ndi purosesa sizidya kuposa 400."

Glory anatulutsa kompyuta m'katoni, n'kumanga masikulu anayi, n'kulumikiza zingwe. Atadina batani, mafani anayamba kuzungulira mwakachetechete. Pa sikirini panatuluka dzina limodzi: GLORY.

A Chikondwero anatsokomola.

Munali gemu imodzi yokha, ya magalimoto. Glory ataitsegula, anapeza kuti wina anaisewerapo kale. Dalaivala wake anali "Ababa", ndipo pa mipikisano makumi atatu ndi umodzi, anathera kumapeto pa yonse.

"Asanabwereketse kabokosika, ankakalumikiza n'kusewera iwe ukapita ku ntchito," anatero a Esitere. "Ndinkawapeza akukalipira makona a msewu. Anandiletsa kukuuza. Ati ankafuna adzakupambane kamodzi kokha."

A Chikondwero anaphulika ndi chiseko. "Achimwene amenewa! Njinga yeniyeniyo ankagwa nayo pa msewu wowongoka. Tsiku lina analowa nayo m'dimba la kabichi, ine ndili kumbuyo!" Chisekocho chinasweka pakati. Anakhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Patapita nthawi anakankhira katoni yopanda kanthu ija kukhoma ndi phazi.

Glory anasiya mafani azungulire pang'ono, dzanja lili pa mpweya wofunda umene unkatuluka kumbuyo. Kenaka anazimitsa, n'kumasulanso masikulu anayi aja.

"Ukutani mwana iwe?" anafunsa a Consolata.

"Anti, ababa anati mubweze liti?"

"Okutobala."

"Ino ndi Ogasiti."

Glory anakulunganso kabokosiko m'chitenje, natenga sikuludiraiva ya bambo ake, n'kutsogola pa masitepe opita ku fulati ya pansi.