Mapiritsi a Alamu

Dzanja la bambo a mapasa linayamba kunjenjemera. Kwa munthu wina sikanakhala nkhani, koma iwo ndi ometa anthu. Tsiku lina anacheka mwana wa eniake kukhutu, makasitomala nkuyamba kulambalala shopu yawo.

Mayi a mapasa anangoti ndi matenda aja. Amuna awo anawapeza ndi khansa ya m'matumbo, anawachita opaleshoni, ndipo tsopano ankapita kuchipatala kukalandira mankhwala a m'diripi. Mayiwa analibe mpata wowaperekeza. M'mawa amakakolopa maofesi, masana kuchapa, kuphika, kuleretsa ndewu za mapasa. Akafunsa kuti kuchipatala kwayenda bwanji, yankho linali limodzi: "Bwino."

Zinaululikira pabeseni. Popisa m'thumba la buluku la amuna awo asanalinyike m'madzi, anapeza timapiritsi toyera tokulunga m'pepala, ndi kabotolo ka mafuta akuda onunkha ngati udzu wopserera.

"Bambo, izi n'chiyani?"

Bamboyo anayang'ana kudenga ngati yankho lalembedwa kumeneko. Anayankha ndi achemwali awo, amene amakhala nawo m'nyumbamo. Anali pampando atadzikulunga bulangete, kunja dzuwa likuswa mtengo.

"Musakalipe, alamu. Ndinaona vidiyo pafoni. Akuti mafuta a chamba ukaphatikiza ndi mapiritsi a chithokomiro, khansa imauma yokha. Mapiritsiwo ine ndili nawo, a matenda anga aja. Ndikanamumana bwanji mlongo wanga? Timagawana. Lero iye, mawa ine."

"Mumagawana? Asanduka sopo? Nanga kudiripi kuja?"

"Ndinasiya," anatero bamboyo chapansipansi. "Kumandisanzitsa."

Mayi a mapasa sanakuwe. Mphamvu zokuwira analibe. Anapukuta manja m'diresi, napita kukagogoda kwa anamwino oyandikana nawo, amene tsikulo sanapite kuntchito.

Anamwino anabwera, nagwira bamboyo padzanja kwa kanthawi.

"Mtima ukuthamanga ngati mukuthawa galu. Tulo mumatiwona?"

"Ayi. Ndimangotuluka thukuta."

"Tamverani. Chithokomiro ndi kachiwalo ka pakhosi apa. Mapiritsiwa ndi a munthu amene chake chafooka, ngati achemwali anuwa. Chanu chili bwinobwino, ndiye mwachita kuwonjeza pamwamba. N'chifukwa chake manja akunjenjemera, mtima ukugunda chonchi. Khansayo sakuikhudza n'komwe. Inunso achemwali, mwadzimana mankhwala anu. Kuzizidwa ndi kufooka kumeneku kwachokera pamenepo."

Achemwali aja anayang'ana bulangete lawo.

"Nanga mafutawa?" anafunsa. "Pavidiyo paja munthu anachiratu."

"Munamuwona ndi maso? Palibe umboni woti chamba chimachiza khansa mwa munthu. Za m'kabotoloka sitikudziwanso kuti anathiramo chiyani. Pamene mukumwa izi, khansa siyikudikira. Kusanzako kuli ndi mankhwala ake kuchipatala komweko, mukanangonena."

"Adokotala akandikalipira," anatero bamboyo.

"Akalipa pang'ono, kenako akuthandizani. Tengani zonsezi mukawawonetse. Musabise kanthu."

"Ndipo akatopa kukalipa ndiwalandira ine," anatero mayi a mapasa. "Valani nsapato, nonse awiri. Bulangetelo litsale."

Kuchipatala anawayeza magazi onse awiri. Adokotala anapukusa mutu, koma anati mwayi ulipo chifukwa abwerera msanga. Bamboyo anayambiranso diripi, ndipo anawapatsa mankhwala oletsa kusanza. Achemwali anauzidwa kuti piritsi lawo ndi lawo, tsiku lililonse, osagawira munthu.

Pang'onopang'ono nyumba inakhazikika. Bamboyo anayamba kugona ndi kudya, dzanja linalimba, nabwerera kushopu. Achemwali anapeza mphamvu mpaka kulanda ntchito yochapa. Mayi a mapasa anapangana ndi mnzawo wakuntchito kuti azisinthana masiku, ndipo tsiku la diripi ankakhala pabenchi pambali pa amuna awo, nthawi zambiri akusinza. Kunali kupuma kumene anali asanakuwone zaka zambiri.

Bamboyo atamaliza mankhwala onse, anawaunika. Adokotala anati pakali pano sakuwona chotupa, koma azibwerabe kudzayezedwa.

Panjira achemwali analira, ati akanapha mlongo wawo.

"Pukutani misozi, alamu," anatero mayi a mapasa. "Chikondi munali nacho, nzeru ndi imene inapita kokayenda. Mankhwala a munthu wina si ako, ngakhale mukhale obadwa mimba imodzi. Wodwala khansa asasiye chithandizo cha kuchipatala chifukwa cha zapafoni. Chikavuta, kanene kwa adokotala. Tiyeni, ana aweruka."