Belu Lopaka Penti

Titamaliza kukonza tchalitchi chathu, a Solomoni sanaonekenso. Zinandidabwitsa. Malata atsopano, pansi simenti, makoma oyera mbee, koma munthu amene sankajomba Sabata ngakhale mvula igwe bwanji, kulibe.

A Solomoni ndi okalamba ndipo maso awo saona bwino. Amakhala okha kutsidya kwa dambo, cha kunjira yopita ku Sinda. Ntchito ikuyamba tinawauza kuti ayambe apuma kunyumba, chifukwa tinkapempherera panja pakati pa njerwa ndi mchenga, akanapunthwa.

A Evans, mkulu wa mpingo, yankho anali nalo kale. "Akwiya chifukwa tinagumula mpando wawo wadothi uja. Mgonero wayandikira. Akapanda kubwera tiwaitanira kubwalo la akulu."

"Mwawafunsa?" ndinatero.

"Amayi, zina sizilira kufunsa."

Zongoganizira ine sindigwirizana nazo. Lachiwiri ndinavula nsapato n'kuwoloka dambo.

Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Jekete lawo la Sabata linali pamsomali pakhomo, lopukutidwa bwino.

"Mapazi amenewo ndi a anaPhiri," anatero. "Mumayenda ngati mukupirikitsa mbuzi m'dimba."

"Ndine ndithu. Mwatitaya chifukwa chiyani, bambo?"

"Ndakutayani ine? Kodi mwatsiriza kumanga?"

"Kalekale! Abusa anabwera kudzapempherera nyumbayo, tinaphika ndi mpunga womwe."

Manja awo anaima m'lichero. "Nanga belu? Paja munati likadzalira ndidzadziwe kuti zatha. Ine m'mawa uliwonse ndimatchera khutu."

"Limalira Sabata lililonse."

"Kuno silifika."

Pobwerera sindinalowe n'kunyumba komwe, ndinalunjika kukaona belulo. Belu lathu ndi limu ya tayala la lole, imene kuyambira kale inkalendewera pawaya mumtengo wa mango. Achinyamata anaitsitsa, anaipaka penti yabuluu yochindikala, n'kuimatirira ndi simenti pamwamba pa chipilala cha njerwa kuti akuba zitsulo asaitenge. Kukongola kunalipo. Ndinatola bawuti yolizira n'kumenya. Linangoti dugu, ngati dzungu lagwa pankhokwe. Ife apafupi sitinazindikire, poti nthawi timaiona pafoni, ena amangotsatira anzawo akamadutsa ndi Mabaibulo. Nyumba ya Mulungu tinaikonza, koma woti awoloke dambo kukauza mnzathu sanapezeke.

Ndinaitana a Evans n'kumenyanso. "Tamverani."

"Likulira, amayi."

"Likulirira inu amene mwaima pano. A Solomoni akudikirabe kuti titsirize kumanga."

"Sanakwiye?"

"Jekete lili pamsomali, likungodikira belu."

A Evans anakanda m'mutu. "Koma tikalibwezera mumtengo, akuba aja..."

"Belu losamveka n'lobedwa kale," ndinatero.

A Evans anapita kwawo, ndinaganiza kuti akhumudwa, koma anabwerera ndi nyundo. Chipilala anachigumula okha, thukuta kamukamu. Ine ndinakhala pansi ndi mpeni wakale kupala penti mpaka dzimbiri linaonekanso. Tinamangirira limu ija pawaya pamalo pake.

Sabata analiza a Evans eni ake, ndipo analiza nthawi yaitali mpaka ana anatseka makutu. Ine sindinalowe. Ndinaima panja kuyang'ana kudambo, ndikufuna kudziwa ngati mawu afika.

Nyimbo yoyamba ili mkati, ndinaona jekete lakuda likutuluka m'mabango, ndodo patsogolo. A Evans anapinda thalauza n'kutsetsereka kukawachingamira m'matope momwemo.

Pakhomo a Solomoni anasisita khoma ndi dzanja. "N'kosalala," anatero. "Nanga poti mpando wanga munagumula, ndikhala pati?"

"Pafupi ndi ine, bambo," anatero a Evans, mawu ali pansi. "Kutsogolo."

Mgonero anadya limodzi pabenchi imodzi. Penti yabuluu ikadali m'zikhadabo zanga, sopo wakanika.