Funso Asanalowe M'madzi

Kachipinda kosinthira zovala kanali kuseri kwa guwa, ndipo mtsikana wina wodikira kubatizidwa ankamva paipi ikuthira madzi m'thanki ya ubatizo. Anali atavala kale mkanjo woyera.

Chimwalirireni mlongo wake wamng'ono, amene anamira padziwe akusewera, iye sanapondenso m'madzi opitirira m'kakolo. Koma lero chinkamuopsa koposa ndi funso limene abusa amafunsa aliyense asanamumize: "Kodi ukukhulupirira ndi mtima wako wonse?" Wake sunali wonse. Akanama ali m'madzi, Mulungu akuona, avuukamo?

Azakhali ake anali chogwada, akumanga mkanjowo ndi mapini m'miyendo kuti usakayandame.

"Iwe, ukunjenjemera ngati nkhuku yovumbwidwa chikhalirecho madzi sunawakhudze," anatero azakhaliwo. "Abusa amiza anthu onenepa kuposa ine, palibe anawapulumuka m'manja."

"Azakhali, ndipemphereko kaye."

"Chita changu, kwaya yayamba kale."

Atatsala yekha, anagwada pakati pa nsapato za anzake amene anali atafola kale panja. Mawu onse amene anaphunzira m'kalasi ya ubatizo anamuthawa. Pakamwa panatuluka ena.

"Ambuye, munali kuti tsiku lija? Inu mumatha kuyenda pamadzi. Mwana uja ankangofuna dzanja basi. Ndakhala ndikukubisirani funsoli ngati kuti simuona. Madzi ndikuwaopa, Inunso ndikukuopani. Ndikati inde, ndanama. Ndikati ayi, nditsala ndi ndani?"

Anadzikunga, kudikira kuti denga limugwere. Palibe chinagwa. Kuseri kwa khoma wina anangotseka paipi ija.

Nthawi yake itakwana, anatsika masitepe a thankiyo atagwiritsa chitsulo cha m'mbali. Madzi ozizira anamukwera mpaka pachifuwa, mpweya n'kuyamba kumuperewera. Mpingo wonse unali maso pa iye. Abusa anaika dzanja pamsana pake, n'kufunsa funso lija.

Mtsikanayo ananong'ona moti anamva ndi abusa okha. "Abusa, si wonse. Ndamufunsa Mulungu za mlongo wanga, sanandiyankhe."

Kwaya inabwereza ndime. Mtsikanayo anati mumtima basi, abusa amutulutsa pamaso pa anthu onsewa.

"Wamufunsa mwini wakeyo?" anafunsa abusa.

"Inde."

"Ukufunabe kukhala wake, asanakuyankhe?"

Anayang'ana madziwo. "Ndikufuna."

"Ndiye gwira mkono wanga, mwanawe. Ugwiritse."

Madzi anamutseka kumaso. Nyimbo inazima, m'makutu munangoti guu, ndipo anadziwa kuti izi n'zimene mlongo wake anamva pomaliza. Anafuna kukuwa. Pomwepo mkono uja unamudzutsa.

Anavuuka akutsokomola, akulira. Azakhali anamufunditsa thaulo, n'kusuzumira m'thanki.

"Tawaona abusa," ananong'ona. "Wawasiyira zikhadabo zako zonse pamkono."