Tikiti ya ku Mombasa

Lamulo la gofu ndi lakuti mpira umenyedwe pomwe wagwera, kaya pali wokuona kaya palibe. Ba Lighton Mwanza, mkulu wa mpingo ku Nangongwe, analidziwa bwino lamuloli. Komabe Loweruka lija, mpira wawo utalowa patsinde pa chitsamba pafupi ndi dzenje lachisanu ndi chiwiri, anayang'ana uku ndi uku, naukankha ndi nsapato mpaka unafika poyera.

Unali mpikisano wapachaka wa kalabu ya ogwira ntchito m'mafakitale a ku Kafue, ndipo wopambana anayenera kukwera ndeke kukasewera sabata yathunthu ku Mombasa. Zithunzi za kumeneko zinali pakhoma la kalabu: udzu wobiriwira wotsetserekera kunyanja, mitengo ya kokonati itawerama ndi mphepo. Bwalo lawo linali fumbi ndi zulu za chiswe. M'zaka makumi awiri za kusewera, Ba Lighton anali asanaonepo nyanja yamchere.

Atatembenuka, anaona mayi Winfrida, wothirira udzu pabwalopo, ataima ndi paipi m'manja. Anali woimba kwaya mumpingo wawo womwewo.

"Mwauka bwanji, ba elda?" anatero mayiyo akupinda mawondo. Kenaka anapitiriza kuthirira.

Masewero atatha, Ba Lighton anasaina khadi lawo la zotsatira osalembapo chilango cha kukankha mpira kuja. Anagonjetsa Chimuka, makanika wa ku Shimabala, ndi kumenya kumodzi kokha.

"Ba mudala, mwanidya na shoti imodzi chabe!" anatero Chimuka akuwagwedeza dzanja. "Mukatitapileko madzi ya mchele mu botolo. Koma kuluza kuli imwe sikubaba, imwe simunama."

Nshima ndi nyama yootcha zinabwera, koma Ba Lighton sanakhudze. Anali kuyang'ana Winfrida akuyala mipando ya mwambo wopereka mphotho. Mayiyo sanauze munthu, ngakhale kuwaponyera diso. Anali kubisa manyazi a mkulu wake monga mayi abisira mwana wodzinyowetsa pagulu, ndipo mawa lake iwo anayenera kumupatsa chikho cha Mgonero ndi manja awo.

Wapampando, Ba Humphrey, anawaitana kutsogolo atanyamula envulopu ya tikiti. Anthu anaomba m'manja, ena anaimba mluzu. Ba Lighton ananyamuka. Atafika, anavula chipewa, manja nawasiya kumbuyo.

"Landirani, ba Mwanza," anatero wapampando. "Kapena ndeke mwayamba kuiopa?"

Kuseka kutatha, Ba Lighton anayankhula.

"Abale anga, tikitiyi si yanga. Pa dzenje lachisanu ndi chiwiri ndinakankha mpira ndi phazi, ndipo ndinasaina khadi labodza. Mayi Winfrida anandiona. Akadapanda kundiona, sindidziwa ngati ndikadaima pano kunena zimenezi. Ba Chimuka, ndinakuberani. Ndine wakuba, ndipo ndinaba ndikudziwa."