Mkazi Wamkulu M'nkhungu

Bourama anali akupukutabe lenzi yatsopano ya kamera yake pamene Mayi Assétou analowa m'kachipinda kake kojambuliramo, moni osapereka. Anaponya chithunzi patebulo, n'kudzigwetsa pabenchi ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni.

"Iwe wodya nyemba, tandiuza. Ine ndili pati apa?"

Mafuko a awiriwa, a Keita ndi a Coulibaly, amanyozana chotero mwanthabwala mu Ségou kuyambira makolo, koma lero mawuwo analibe kaseko.

Chithunzicho chinali cha ukwati wa Lachinayi, pamene amuna awo, Bambo Sidiki, anatenga mkazi wachiwiri, Djénéba. Bourama anachiyang'ananso monyadira. Lenziyo, ya mamilimita 85, anaidikira miyezi isanu ndi itatu kuchokera kwa msuweni wake ku Lyon, kutsidya kwa nyanja. Inkamwa kuwala ngati mchenga umwera madzi. M'chipinda chamdima chija, popanda nyali, inagwira nsidze za mkwatibwi moti ukanaziwerenga, zonse zakumbuyo n'kusungunuka. Pambali pa Djénéba panangotsala nkhungu yabuluu yovala duku.

"Ndi inuyo apa, mayi. Kungoti munabwerera phazi limodzi m'mbuyo. Lenzi iyi ikatseguka yonse imagwira munthu mmodzi, ena amafewa. Ndiko kukoma kwake."

"Kukoma kwake." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Unkafuna ndiime patsogolo pa mkwatibwi? Unaleredwa ndi mbuzi iwe? Masiku atatu ndili pamoto kuphikira alendo awo. Ndinavala nsalu imene anandigulira, ndinaima pafupi ndi mwanayo kuti mzinda wonse uone kuti Assétou alibe mangawa. Pano chithunzi chili pakhoma, ndipo kumsika akuti ndinathawitsa nkhope."

"Tijambulenso mawa. Ndichepetsa kabowo ka lenzi, nonse muoneka."

"Madzi akatayika sawoleka, mwanawe. Alendo anapita."

Kunja mphepo inkakolopa fumbi pamalata. Bourama anatsegula kompyuta, n'kuyamba kudutsa m'zithunzi zimene anazikana. Anakumbukira kuti pena lenziyo inalumpha mkwatibwi n'kugwira kumbuyo.

"Pali china. Taonani."

Mayi Assétou anasendera pafupi. Tsopano nkhungu anali Djénéba. Iwo ankaoneka ngwee: ulusi uliwonse wa duku, thukuta pamphuno, kachipsera ka mafuta otentha pachala. Milomo inkamwetulira monga anailamulira. Koma maso sanamvere. Anali ofiira m'mbali, atajenga misozi, akuyang'ana dzanja la Bambo Sidiki paphewa pa mtsikanayo.

Bourama anachikulitsa pakompyutapo. Zaka zonse ankalota chithunzi chotere, choti munthu n'kuimirira nacho chete. M'maganizo anachiona kale chitapachikidwa pachionetsero kulikulu ku Bamako, dzina lake lili pansi.

Mayiwo analoza kompyutayo ndi chala.

"Wachiona ndani wina?"

"Palibe. Koma mayi, ichi ndiye chithunzi. Sindinajambulepo chotere chibadwire."

"Ndikuona kuti chidole chakocho chili ndi maso." Anapuma mozama. "Ndinabisira amuna anga, ndinabisira ana anga, ndinabisira azilamu anga onse, kuti ndidzaululidwe ndi galasi la wodya nyemba? Fufuta."

"Ndingosunga ndekha, osaonetsa munthu."

"Bourama, ndatopa. Usandiyankhulitse kawiri."

Chala cha Bourama chinazengereza pabatani. Kompyuta inafunsa ngati watsimikiza, ndipo Mayi Assétou anadikira, maso ali pachalacho, mpaka anadina. Pamalopo panabwera chithunzi cha mbale za mpunga.

Mayiwo anatola chithunzi cha nkhungu chija patebulo, n'kupukuta fumbi pankhope ya Djénéba ndi nsonga ya mpango.

"Ichi chibwerere pakhoma asanazindikire kuti ndinachichotsa. Akumsika alankhule, pakamwa ndi pawo."

Anadzuka atagwira bondo, n'kutuluka padzuwa. Lero inali nthawi yawo, osati ya Djénéba, yophikira amuna awo.